Serpa Pinto: Msilikali Amene Anapambana Nkhondo pa Shire koma Dziko Osalitenga

Aliyense wa kuno kuchigwa amadziwa kuti ukaima pa Nsanje Boma n'kuyang'ana tsidya lina la Shire, ukuyang'ana dziko la eni. Anthu a tsidyalo amayankhula Chisena chomwe timamva pamsika, ena ndi abale athu enieni, koma ana awo kusukulu amaphunzira Chipwitikizi ndipo mbendera yawo ndi ina. Ukakwera mpaka pa Chiromo, malire amasiya Shire n'kutsata mtsinje wa Ruo. Ophunzira ambiri amajambula mzere umenewu pa mayeso osadziwa kuti unabwera bwanji. M'kalata ya teremu ino tiona moyo wa munthu mmodzi amene zochita zake zinafulumizitsa kuti mzerewo udulidwe pamene ulipo, ngakhale kuti iye ankafuna udutse kwina.

Dzina lake lonse ndi Alexandre Alberto da Rocha de Serpa Pinto. Anabadwa pa 20 Epulo 1846 ku Tendais, mudzi wa kumpoto kwa Portugal, kufupi ndi mtsinje wa Douro. Ali mwana anamulowetsa sukulu ya usilikali ku Lisbon, ndipo usilikaliwo ndi umene unakhala ntchito yake moyo wake wonse. Mu 1869 anaona Zambezi koyamba. Anali m'gulu la asilikali amene anatumizidwa kukamenyana ndi Bonga, mwini linga la Massangano kumunsi kwa Tete, amene ankakana kumvera boma la Apwitikizi ndipo ankatseka mtsinje akafuna. Ulendowo unalephera. Mnyamatayo anabwerera kwawo atadzionera yekha kuti ulamuliro umene dziko lake linkadzitama nawo mu Africa unali wa m'mphepete mwa nyanja basi, mkati munali eni ake.

Kutchuka kwake kunabwera patatha zaka 10. Mu Novembala 1877 ananyamuka ku Benguela, m'mphepete mwa nyanja ku Angola, pamodzi ndi anzake awiri, Hermenegildo Capelo ndi Roberto Ivens. Atafika ku Bié anasiyana maganizo, iye n'kulowera kum'mawa yekha ndi amtengatenga ake. Mu 1878 anafika ku Lealui, likulu la Alozi kumtunda kwa Zambezi, malungo atamufooketsa ndiponso katundu atamuthera. Anapulumuka chifukwa cha thandizo la mmishonale wa ku France, François Coillard. Anafika ku Pretoria mu Febuluwale 1879, kenako ku Durban. Buku lofotokoza ulendowu linatuluka mu 1881, ndipo chaka chomwecho bungwe la Royal Geographical Society la ku London linamupatsa mendulo yaulemu. Angerezi omwe anadzakhala adani ake ndi amene anayamba kumuombera m'manja.

Kuti timvetse zimene zinatsatira, tiyenera kuona mmene zinthu zinalili ku Ulaya. Kuyambira Novembala 1884 mpaka Febuluwale 1885 mayiko amphamvu anakumana ku Berlin kukambirana za mmene angatengere madera a mu Africa popanda kumenyana okhaokha. Panalibe mfumu ya mu Africa ngakhale imodzi pa msonkhanowo. Portugal inali ndi maloto ake: kulumikiza Angola ndi Mozambique kuti likhale dziko limodzi kuchokera kunyanja ya Atlantic mpaka ya Indian. Inajambula mapu amene dera lonse la pakatipo linapakidwa utoto wa pinki, ndipo m'kati mwake munali mbali yaikulu ya Zambia, Zimbabwe ndi kum'mwera kwa Malawi wa lero. Mu 1886 France ndi Germany sanatsutse mapuwo. Britain inakana. Inati mbiri yakale yokha siikwanira, dziko lofuna dera lionetse kuti likulamuliradi kumeneko.

M'zaka zomwezi Serpa Pinto anatumikira monga kazembe wa Portugal ku Zanzibar, m'nthawi ya Sultan Barghash. Panali mkangano pakati pa Sultan ndi Apwitikizi wolimbirana gombe la Tungi, chakumpoto kwenikweni kwa Mozambique wa lero. Mu 1887 Portugal inapatsa Sultan chenjezo lomaliza, ndipo atakana inatumiza sitima zankhondo, n'kuombera midzi ya pagombepo, n'kulanda malowo. Owerenga asunge nkhani imeneyi m'mutu, pakuti patangopita zaka 3 Portugal inamwetsedwa mankhwala omwewo.

Nanga kuno kuchigwa kunali bwanji? Ufumu wakale wa Lundu, umene kale unkamveka kutali, unali utafooka. Njala ya mu 1862 ndi 1863, nkhondo za ogwira akapolo, ndi mfuti za Amakololo zinasokoneza Amang'anja. Amakololowa anali amuna ochepa amene David Livingstone anabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi, kudziko lomwe lija Serpa Pinto anadzadutsamo pambuyo pake. Livingstone atachoka iwo anatsala, n'kukhala mafumu m'mbali mwa Shire. Mayina monga Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima, amene mpaka lero ndi a mafumu a m'boma la Chikwawa, anachokera kumeneko. Kumtunda, amishonale a ku Scotland anakhazikitsa Blantyre mu 1876, ndipo kampani ya African Lakes inayamba malonda mu 1878. Katundu wawo yense ankadzera pa Shire mpaka padoko la Katunga, kumene sitima zinkathera chifukwa cha mathithi a kumtunda. Wolamulira chigwa ndiye anagwira khomo la dziko lonse.

Mu 1889 boma la Portugal linatuma Serpa Pinto ku Shire. Poyera ankati ulendowo ndi wofufuza malo ndi kuyeza njira ya njanji yolambalala mathithi, koma anali ndi asilikali mazanamazana ndi mfuti zachiwaya. Chaka chomwecho kunadziwika kuti sitima zikhoza kulowa mu Zambezi kudzera pa Chinde, osapita ku Quelimane kumene Apwitikizi ankalipiritsa msonkho. Harry Johnston, kazembe wa Britain ku Mozambique, analowera pomwepo. Mu Ogasiti anakumana ndi Serpa Pinto kumunsi kwa Ruo. Analandirana mwaulemu, koma Johnston anamuchenjeza kuti akangowoloka Ruo ndi asilikali, nkhaniyo ikhala ya mayiko awiri. Atatero anapitirira kumpoto kukapangana ndi mafumu, kuphatikizapo Jumbe wa ku Nkhotakota. John Buchanan, amene ankagwirizira ukazembe kumtunda, analengeza kuti dziko la Amakololo ndi mapiri a Shire zili pansi pa chitetezo cha Britain, ndipo mafumu ena analandira mbendera.

Mtsogoleri wa Amakololo pa nthawiyo anali Mlauri. Iye sanadikire kuti adani amupeze pakhomo. Pa 8 Novembala 1889 ankhondo ake anaukira msasa wa Serpa Pinto pamalo amene mabuku amawalemba kuti Mupassa, kumunsi kwa Chiromo. Mfuti zawo zakale sizikanalimbana ndi zachiwaya. Amuna pafupifupi 70 anafa, ndipo mbendera za Britain zimene ananyamula zinagwidwa. Chitetezo chimene analonjezedwa chinali cha papepala, pakuti panalibe msilikali wa Britain ngakhale mmodzi woima nawo. Posakhalitsa Serpa Pinto anadwala kwambiri n'kubwerera kugombe. Wachiwiri wake, João de Azevedo Coutinho, analanda Chiromo n'kukwera mpaka pa Katunga. Pofika kumapeto kwa chakacho chigwa chinali m'manja mwa Apwitikizi, ndipo a ku Blantyre ankayembekeza kuti awaona tsiku lililonse.

Apa ndi pamene nkhani inachoka m'manja mwa asilikali. Ku Scotland mipingo inali itayamba kale kukakamiza boma kuti lisasiye amishonale ake m'manja mwa Portugal. Cecil Rhodes, amene kampani yake inalandira chilolezo cha mfumukazi mu Okutobala 1889, ankafuna Mashonaland ndi njira yopita kumpoto, zonse zili m'kati mwa mapu a pinki aja. Nduna yaikulu ya Britain, Lord Salisbury, inapeza chifukwa chimene inkafuna: mbendera yagwidwa, anthu otetezedwa aphedwa. Pa 11 Januwale 1890 kazembe wa Britain ku Lisbon anapereka kalata ya chenjezo lomaliza. Inalamula kuti asilikali onse a Portugal achoke ku Shire, m'dziko la Amakololo ndi ku Mashonaland, apo ayi kazembeyo achoka m'dzikomo ndi antchito ake onse. Aliyense ankadziwa chotsatira chake, pakuti sitima zankhondo za Britain zinali zokonzeka. Portugal inapempha kuti pakhale mkhalapakati, Britain inakana. Portugal inagonja.

Mayiko awiriwa anali pa ubwenzi wa pangano kuyambira 1386, zaka zoposa 500. Ubwenziwo sunaletse wamphamvu kuopseza wofooka pamene zofuna zawo zinawombana. Ku Lisbon anthu anadzaza misewu ndi mkwiyo, boma linatula pansi udindo, ndipo dzina la Serpa Pinto linali pakamwa pa aliyense ngati ngwazi imene yachititsidwa manyazi. Nyimbo ya A Portuguesa inapekedwa m'chaka chomwecho chifukwa cha mkwiyo umenewu. Anthu ambiri anaimba mlandu mfumu Carlos, amene anali atangolowa ufumu. Mu Januwale 1891 asilikali anaukira ku Porto koma analephera. Mu 1910 ufumu unagwa, ndipo nyimbo ija inakhala nyimbo ya fuko ya Portugal mpaka lero. Ndi ochepa kuno amene amadziwa kuti nyimbo ya fuko ya dziko la ku Ulaya ili ndi mizu pa nkhondo ya m'mbali mwa Shire.

Pangano loyamba la malire, la mu Ogasiti 1890, silinadutse kunyumba ya malamulo ya Portugal. Lachiwiri linasainidwa ku Lisbon pa 11 Juni 1891. Linati malire atsate Ruo mpaka pamene umathira mu Shire, atsike ndi Shire mpaka kumunsi pang'ono kwa Chiwanga, kenako akhotere kumadzulo kukatsata mapiri olekanitsa madzi a Shire ndi a Zambezi. Linatinso sitima za mayiko onse ziziyenda momasuka pa Zambezi ndi pa Shire, ndipo Britain inabwereka malo pa Chinde oti izitsitsirapo katundu. Chaka chomwecho Britain inalengeza kuti dera la kumadzulo ndi kum'mwera kwa nyanja lili pansi pa chitetezo chake, Johnston n'kukhala wolamulira woyamba. Amakololo amene anakhetsa magazi sanabwezeredwe ufulu wawo. Anachoka m'kamwa mwa Mpwitikizi n'kulowa m'kamwa mwa Mngerezi, ndipo posakhalitsa anthu awo anayamba kukhoma msonkho wa nyumba. Akuluakulu sananame kuti njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

Serpa Pinto sanabwererenso ku Shire. Mu 1894 anasankhidwa kukhala bwanamkubwa wa zilumba za Cape Verde, ndipo mu 1899 mfumu inamukweza kukhala mmodzi wa anthu olemekezeka a ufumuwo. Anamwalira ku Lisbon pa 28 Disembala 1900 ali ndi zaka 54. Misewu yambiri ku Portugal ili ndi dzina lake. Ku Angola kunali tawuni yotchedwa Serpa Pinto, koma dzikolo litalandira ufulu mu 1975 inatchedwa Menongue.

Tikamuweruza, tiyenera kunena zonse ziwiri. Anali wolimba mtima ndi wopirira, wokonda dziko lake. Koma kulimba mtimako anakugwiritsa ntchito pofuna kulanda dziko la anthu ena, ndipo sanafunse maganizo awo, monganso Johnston ndi Salisbury sanafunse. Cholakwa chake chachikulu monga msilikali chinali kuwerenga mfuti za amene anali patsogolo pake, osawerenga sitima za amene anali kumbuyo kwawo. Kupambana kwake pa Mupassa ndi kumene kunapatsa Britain mpata wotsekera Portugal khomo.

Mzere wa mu 1891 sunasunthe kwenikweni. Mu 1964 atsogoleri a mayiko a mu Africa anagwirizana ku Cairo kuti malire amene anawapeza polandira ufulu akhale momwemo, poopa nkhondo zosatha. Choncho tikukhala nawobe, ndi zabwino ndi zowawa zake. Makolo ambiri akukumbukira zaka za nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, pamene anthu othawa kwawo anadzaza Nsanje ndi Chikwawa, dziko lathu n'kusunga anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo njanji yopita ku Beira inaduka. Ophunzira ena anamva za doko la Nsanje limene linatsegulidwa mu Okutobala 2010, koma sitima yoyamba sinafike chifukwa inaimitsidwa ku Mozambique. Njira yathu yopita kunyanja yamchere idakali m'dziko la anzathu, monga inalili pamene Johnston ankalowera pa Chinde.

Inu ophunzira, nkhani za mayiko musamazione ngati za pawailesi zokha, za anthu akutali. Zinachitika pamtsinje womwe mumawoloka, m'midzi ya mafumu amene mayina awo mumalemba pa mafomu a sukulu. Mu 1891 ana a m'chigwa muno otha kuwerenga pangano limene linagawa dziko la makolo awo anali ochepa kwambiri. Lero mapangano okhudza Shire ndi malire amasainidwa ndi Amalawi, ndipo amafuna anthu odziwa mbiri, malamulo ndi ziyankhulo. Mukapita kwanu patchuthi, funsani agogo anu kuti abale a tsidya lina anapita liti ndipo chifukwa chiyani, mulembe zimene akuuzeni, mudzabwere nazo teremu ikubwerayi.