Al-Khwarizmi, katswiri amene anachipatsa dzina chinthu chosadziwika

Mwana wa Fomu 1 akabwera kunyumba ndi kope lolembedwa 3x + 5, makolo ambiri amangopukusa mutu, poganiza kuti zimenezi ndi nzeru zachilendo zosakhudzana ndi zomwe mwanayo amaphunzira ku madrasa madzulo. Komatu dzina la phunziroli, algebra, ndi mawu a Chiarabu, ndipo linachokera pa mutu wa buku limene Msilamu wina analemba mumzinda wa Baghdad zaka pafupifupi 1,200 zapitazo.

Munthuyo anali Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi, yemwe anabadwa cha m'ma 780. Dzina lake lomaliza likuloza ku Khwarazm, dera la kumwera kwa nyanja ya Aral, lomwe lero lili m'maiko a Uzbekistan ndi Turkmenistan. Ntchito yake anaigwirira ku Baghdad, likulu la ufumu wa Abbasid, limene Khalifa al-Mansur anamanga m'chaka cha 762. Pa nthawi ya Khalifa al-Ma'mun, yemwe analamulira kuyambira 813 mpaka 833, al-Khwarizmi anali mmodzi wa akatswiri a pa Bayt al-Hikma, kutanthauza Nyumba ya Nzeru. M'masiku amenewo ophunzira a mu Baghdad ankamasulira m'Chiarabu mabuku a Agiriki, Aperezi ndi Amwenye, ndipo iye anawerenga zimene anthu a mitundu imeneyi anasiya, naonjezerapo zake.

Cha m'ma 820 analemba buku lotchedwa Al-Kitab al-Mukhtasar fi Hisab al-Jabr wa al-Muqabala. Cholinga chake anachifotokoza koyambirira kwa bukulo. Ankafuna kuthandiza anthu pa zinthu zimene amakumana nazo tsiku ndi tsiku, monga kugawa chuma cha masiye, kukwaniritsa wasiya, kuweruza milandu, kuchita malonda, kuyeza minda ndi kukumba ngalande.

Asanayambe kuwerengera chilichonse, al-Khwarizmi anayamba wasiyanitsa mitundu itatu ya zinthu zimene wowerengera amagwira nazo ntchito. Choyamba ndi nambala wamba, imene mtengo wake ndi wodziwika kale ndipo susintha. Kawirikawiri ankaitchula m'madirihamu, ndalama za nthawi imeneyo. Chachiwiri ndi chimene tikuchifunafuna, chomwe anachitcha jidhr, kutanthauza muzu, ndipo nthawi zina ankangochitcha shay', kutanthauza chinthu. Chachitatu ndi chinthucho chikachulukitsidwa ndi icho chomwe, ndipo ichi anachitcha mal, kutanthauza chuma, mawu omwewo amene anabala mali wa m'Chiswahili.

Apa ndi pamene pagona phunziro la m'kope la mwana uja. Mu 3x + 5, nambala 5 ndiyo madirihamu a al-Khwarizmi: ili chomwecho lero, idzakhala chomwecho mawa, ndipo aphunzitsi amaitcha constant. Chilembo x ndicho chinthu chija, chimene chingakhale 2 pa funso ili ndi 40 pa funso linalo, ndipo amachitcha variable. Nambala 3 imangotiuza kuti zinthuzo zilipo zingati. Al-Khwarizmi mwiniwake sanalembepo x. Masamu ake onse anawalemba m'mawu, ngati munthu amene akufotokoza mlandu pabwalo. Zilembo zinadza pambuyo pake, ndipo chizolowezi cholemba x, y ndi z chinakhazikika ndi René Descartes wa ku France m'chaka cha 1637.

Funso lake lotchuka kwambiri likuonetsa mmene ankagwirira ntchito. Chuma chimodzi kuphatikiza mizu khumi zikukwana madirihamu 39, zomwe lero tingalembe kuti x² + 10x = 39. Anatenga theka la 10, lomwe ndi 5, nalichulukitsa ndi ilo lomwe kupeza 25. Anaphatikiza 25 ndi 39 kupeza 64, amene muzu wake ndi 8, ndipo atachotsapo 5 uja panatsala 3. Yesani nokha: 9 kuphatikiza 30 ndi 39. Sanalekere pomwepo, anajambulanso bwalo la mbali zinayi zofanana kuti wowerenga aone ndi maso chifukwa chake njirayo imalondola.

Mawu awiri a pa mutu wa bukulo ndi maina a njira ziwiri. Al-jabr ndi kubwezeretsa, mawu amene Aarabu amagwiritsanso ntchito polunzanitsa fupa lothyoka: ngati mbali imodzi yachotsedwa kanthu, timaonjezera kanthuko mbali zonse ziwiri. Al-muqabala ndi kuyang'anitsana mbali ziwirizo ndi kuchotsa zofanana zimene zili uku ndi uku, monga achitira wamalonda woona mtima pa sikelo. Ndi njira zimenezi anasonyeza kuti mafunso a mtundu umenewu amagwera m'magulu asanu ndi limodzi, ndipo gulu lililonse analipatsa kathetsedwe kake.

Gawo lalikulu la kumapeto kwa bukuli ndi la chuma cha masiye ndi wasiya, ndipo zimenezi sizodabwitsa. Qur'an yolemekezeka, mu Surat an-Nisa, inaika magawo osasintha. Mkazi wamasiye amalandira gawo limodzi mwa magawo anayi ngati mwamuna wake sanasiye mwana, ndipo limodzi mwa asanu ndi atatu ngati anasiya mwana. Magawowo amaperekedwa ngongole ndi wasiya zitachotsedwa kale. Tiyerekeze kuti bambo wamwalira, wasiya mkazi mmodzi ndi ana, sanasiye wasiya, ndipo ngongole zake pamodzi ndi zolipira pa maliro zakwana K400,000. Chuma chonse tichitche x. Gawo la mayiyo ndi (x − 400,000) ÷ 8. Chuma chikakhala K2,000,000, mayiyo alandira K200,000. Chikakhala K3,600,000, alandira K400,000. Chumacho chimasintha malinga ndi banja, koma 8 uja palibe mlamu kapena mwinimbumba amene ali ndi mphamvu yomusintha. Wodziwa kusiyanitsa ziwirizi savuta kuona pamene mkazi wamasiye akuponderezedwa.

Al-Khwarizmi analembanso buku lofotokoza kawerengedwe ka Amwenye, kogwiritsa ntchito zizindikiro zisanu ndi zinayi pamodzi ndi ziro. Anakonza ndandanda ya kayendedwe ka dzuwa, mwezi ndi nyenyezi yotchedwa Zij al-Sindhind, ndipo m'buku la Kitab Surat al-Ard, lomwe analimaliza m'chaka cha 833, anakonza zina mwa zimene Ptolemy analakwitsa pa malo a mizinda ndi nyanja. Anamwalira cha m'ma 850.

Mabuku ake sanathere ku Baghdad. M'chaka cha 1145 Robert wa ku Chester anamasulira buku la al-jabr m'Chilatini ali ku Spain, ndipo ophunzira a ku Ulaya analigwiritsa ntchito kwa zaka mazana angapo. Dzina lake analilemba kuti Algoritmi, ndipo m'menemo munachokera mawu akuti algorithm, ndondomeko ya masitepe imene kompyuta ndi foni ya m'thumba mwanu zimatsatira.

Choncho mwana akakuonetsani kope la algebra, musamuuze kuti zimenezo sizikukukhudzani. Khalani naye pamphasa, mumufunse kuti mwa zolembedwazo chosintha ndi chiti, chosasintha ndi chiti. Tsiku lina banja lidzasonkhana pambuyo pa maliro, ndipo padzafunika wina wodziwa malamulo a mirathi amenenso amatha kuwerengera molondola. Allah amuchitire chifundo Muhammad ibn Musa, ndipo ana athu awaonjezere kuzindikira kopindulitsa.