Livingstone: akuba anamubera m'mbali mwa nyanja

David Livingstone, yemwe anabadwira ku Blantyre m'dziko la Scotland mu 1813, ambiri amamudziwa ngati mmishonale. Koma pa Nyanja ya Malawi anaonapo zakuda.

Mu 1861 anthu anasenza boti lake kulambalala mathithi a Shire, ndipo mu Sepitembala linalowa m'nyanja. Iye, mng'ono wake Charles ndi dokotala John Kirk analowera kumpoto motsata gombe lakumadzulo, usiku n'kumagona kumtunda. Mafunde akakula ankakokera boti pamchenga n'kudikira. Usiku wina akuba anawabera zovala eni ake ali mtulo tofa nato. Kumpotoko anthu anawalawitsa nkhungu, ndiwo imene alendowo anali asanaionepo.

Mu 1863 anabweranso, koma wapansi. Atakumana ndi Jumbe ku Nkhotakota, komwe ankawolotsera akapolo, anakwera chakumadzulo mpaka kwa Mwase ku Kasungu, dera lomwe lero ladzaza minda ya fodya. Sanapitirire patali poti boma la Britain linali litamuitanitsa.

Anamwalira mu 1873 kwa Chitambo ku Zambia. Chuma, Susi ndi anzawo anasenza mtembo wake mpaka ku Bagamoyo.