MOYO WA MARC BLOCH, MPHUNZITSI WA MBIRI YAKALE

Marc Bloch anabadwa pa 6 Julaye 1886 m'mudzi waukulu wa Lyon, m'dziko la France. Makolo ake anali Ayuda a ku Alsace, dera limene Ajeremani adalanda kwa Afalansa m'chaka cha 1871. Atate wake, Gustave Bloch, anali mphunzitsi womveka wa mbiri ya Aroma, ndipo mwanayo anakulira ku Paris m'nyumba yodzala mabuku. M'chaka cha 1904 analowa sukulu yotchedwa École Normale Supérieure, imene amalowamo okhawo opambana mayeso ovuta ndithu. Atatsiriza m'chaka cha 1908 anamuka ku Berlin ndi ku Leipzig kukamva aphunzitsi Achijeremani, nabwerako, naphunzitsa anyamata ku Montpellier ndi ku Amiens.

Pamene inabuka nkhondo yaikulu ya 1914, iye anapita monga sajeni, nabwerako ali kaputeni, atalandira nyota za kulimba mtima. Koma chimene anatola kunkhondoko choposa nyota ndi ichi: m'maenje muja asilikali analikukhala, mbiri zonama zinalikuyenda msanga koposa zoona. Asilikali adaleka kukhulupirira nyuzipepala, podziwa kuti boma lizisefa. Tsono ankamvera zonena za ophika ndi onyamula chakudya ochokera kumbuyo. Bloch anazindikira kuti bodza limera pamene mitima ya anthu yalilimira kale munda ndi mantha kapena chiyembekezo chao. Analemba za ichi m'chaka cha 1921, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yake yonse inali yoyesa umboni, monga achitira mkulu woweruza mlandu, amene samvera mboni imodzi yokha ngakhale ilankhule mokoma.

M'chaka cha 1919 Alsace atabwerera kwa Afalansa, Bloch anatumidwa kukaphunzitsa pa yunivesite ya Strasbourg. Chaka chomwecho anakwatira Simonne Vidal, ndipo anabala naye ana asanu ndi mmodzi. Kumeneko anatulutsa buku lake Les Rois thaumaturges m'chaka cha 1924. Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku France ndi ku England ankakhulupirira kuti mfumu ikakhudza munthu wodwala zotupa za m'khosi, munthuyo achira. Ndipo mfumu Charles X inachitabe mwambowu m'chaka cha 1825. Bloch sanaseke anthu akalewo, koma anafunsa chifukwa chake anakhulupirira. Anapeza kuti nthendayi nthawi zina iphwa yokha. Ochira ankatamidwa ponseponse, osachira naiwalika, popeza anthu anadza alikuyembekeza chozizwa, ndipo mafumu anakondwera nacho chifukwa chinalimbitsa ufumu wao.

Ku Strasbourg komweko anapalana ubwenzi ndi mphunzitsi mnzake Lucien Febvre. Awiriwa anatopa ndi mbiri yongowerenga maina a mafumu ndi masiku a nkhondo, nayambitsa m'chaka cha 1929 magazini yotchedwa Annales, yofufuza za alimi, amalonda, ndalama, njala ndi zikhulupiriro za anthu wamba. Bloch mwini wake ankayenda m'midzi kupenya maonekedwe a minda ndi mapu ake akale. M'buku lake la 1931 anaonetsa kuti minda yaitali ndi yopapatiza ya kumpoto kwa France igwirizana ndi pulawo yolemera ya magudumu, yovuta kuitembenuza, pamene minda ya kummwera, yosalongosoka maonekedwe, inkalimidwa ndi pulawo yopepuka. Momwemo munda unasanduka mboni ya anthu amene sanasiye kalata ngakhale imodzi. Anayesa kulowa pa Collège de France koma sanasankhidwe. M'chaka cha 1936 analandira mpando wa uphunzitsi pa Sorbonne ku Paris, natulutsa La Société féodale m'zaka za 1939 ndi 1940, buku lofotokoza umo ambuye ndi anthu ao anamangirirana ndi malumbiro m'zaka zakale za ku Ulaya.

Nkhondo yachiwiri inampeza ali wa zaka 53, tate wa ana ambiri, wodwala nyamakazi. Lamulo linamlola kutsala, koma iye anavalanso zausilikali, napatsidwa ntchito yoyang'anira petulo wa magalimoto a nkhondo. Afalansa alikugonja m'chaka cha 1940, anaoloka nyanja pa Dunkirk kunka ku England, nabwereranso kwao. Chaka chomwecho analemba L'Étrange Défaite, mmene anadzipereka yekha monga mboni. Anatsutsa akulu a nkhondo amene analikuganizabe monga pa nkhondo yoyamba pamene mdani analikuthamanga ndi akasinja ndi ndege. Anatsutsanso aphunzitsi a msinkhu wake, osadzipatula yekha, chifukwa anaona ngozi ilikudza koma anakhala chete m'mabuku mwao.

M'mwezi wa Okutobala 1940 boma la Vichy linaika malamulo ochotsa Ayuda pa ntchito za boma. Bloch anali mmodzi wa owerengeka amene analoledwa kuphunzitsabe, poyamba ku Clermont-Ferrand, pambuyo pake ku Montpellier. Koma dzina lake linachotsedwa pa chikuto cha Annales, ndi mabuku ake a ku Paris analandidwa ndi Ajeremani. M'masiku amenewo anayamba kulemba buku la ntchito ya wolemba mbiri, lopangira ophunzira njira zoyesera umboni, koma sanalitsirize. Febvre analitulutsa m'chaka cha 1949.

M'chaka cha 1943 analowa gulu lachinsinsi lokana Ajeremani lotchedwa Franc-Tireur, ku Lyon kumene adabadwira. Anagwidwa pa 8 Malichi 1944, nazunzidwa kowopsa, natsekeredwa m'ndende ya Montluc. Pa 16 Juni 1944, atapita masiku khumi chiolokere ankhondo a Amereka ndi Angerezi ku Normandy, anamtenga pamodzi ndi akaidi anzake, onse pafupifupi 30, nawawombera m'munda ku Saint-Didier-de-Formans. Mkazi wake anamwalira ku Lyon pa 2 Julaye chaka chomwecho.

Inu owerenga, makamaka inu amene ntchito yanu ndiyo kuphunzitsa ena, taonani munthu amene sanalekanitse phunziro lake ndi moyo wake. Chimene anafuna kwa mboni zakale, ndicho kunena zoona ngakhale ziwawe, anachifunanso kwa iye mwini. M'kalata ya masiye imene analemba m'chaka cha 1941 anapempha kuti pamanda pake palembedwe mau awiri okha Achilatini, onena kuti anakonda choonadi. M'chaka cha 2024 Pulezidenti Emmanuel Macron analengeza ku Strasbourg kuti Bloch adzalemekezedwa m'nyumba ya Panthéon ku Paris, mmene Afalansa amakumbukira akulu a dziko lao.