Mbiri ya a Haroun Tazieff, Katswiri wa Mapiri a Moto Amene Anayambira ku Congo

Phiri la moto likayamba kubangula, boma limakhala ndi funso limodzi lovuta: kodi anthu athawe kapena akhale? Akacedwa kusamuka amafa. Akasamutsidwa popanda cifukwa minda imaonongeka, malonda amaima, ndipo tsiku lina cenjezo likadzamvekanso salilabadira. A Haroun Tazieff, mmodzi mwa akatswiri ochuka a sayansi ya miyala ndi nthaka, anathera zaka makumi asanu akulimbana ndi funso limeneli, ndipo nchito yaoyo inayambira m'dziko loyandikana nalo la Congo.

A Tazieff anabadwa pa 11 May 1914 mu mzinda wa Warsaw. Atate ao, amene anali dokotala, anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo amai ao anasamukira nao ku Belgium akali mwana. Anakula alibe unzika wa dziko lililonse mpaka mu 1936 pamene anakhala nzika ya Belgium. Anaphunzira za ulimi ku Gembloux, kenaka za miyala pa yunivesite ya Liège. Anali wankhonya komanso wokonda kukwera mapiri, ndipo pa nkhondo yaciwiri analowa m'gulu la kabisira lolimbana ndi asilikali a Germany.

Nkhondo itatha, mu 1945, anapita ku Katanga kukagwira nchito m'migodi ya tini. Sanakhalitseko. Analowa m'nthambi ya boma la atsamunda yofufuza za miyala, imene inawatumiza ku Kivu, kum'mawa kwa dzikolo. Kumeneko, mu March 1948, nthaka inang'ambika m'mbali mwa phiri la Nyamuragira n'kuyamba kulavula ciphalaphala ca moto pamalo ochedwa Kituro. A Tazieff anapita kukaona, anasendera pafupi kwambiri mpaka kutsala pang'ono kutaya moyo, ndipo kucokera pamenepo nchito ya moyo wao inakhala ya mapiri a moto.

Pafupi ndi Nyamuragira pali phiri la Nyiragongo, lalitali mamita pafupifupi 3,470, kumpoto kwa mzinda wa Goma. M'dzenje la pamwamba pake munali nyanja ya miyala yosungunuka imene inali kuwira usana ndi usiku, cinthu cosowa kwambiri padziko. Phirili linali m'nkhalango yotetezedwa, imene lero ikuchedwa Virunga, ndipo akuluakulu ake anakana kwa zaka zambiri kulola ofufuza kutsikiramo. Mu 1958 ndi 1959 ndi pamene a Tazieff ndi anzao anatha kutsika ndi zingwe, atanyamula zipangizo zopimira kutentha ndi zotapira mpweya wocokera m'ciphalaphalaco.

Cikhulupiriro cao cinali cakuti phiri sungalidziwe uli patali. Ankanena kuti mpweya umene phiri limatulutsa ndiwo umaulula zimene zikucitika pansi, ndipo uyenera kutapidwa pakamwa penipeni pa phirilo usanasakanikirane ndi mphepo. Njirayi anaigwiritsa nchito pa phiri la Etna ku Italy, pa Erta Ale ku Ethiopia, kumene iwo ndi akatswiri a ku Italy ndi France anafufuza dera la Afar kuyambira mu 1967, mpaka pa Erebus ku Antarctica. Anajambulanso mafilimu amene anacititsa anthu wamba ku Ulaya kuona kwa nthawi yoyamba mkati mwa phiri la moto. Filimu yao ya mu 1966 yonena za Nyiragongo inasankhidwa kupikisana nao pa mphoto ya Oscar. Mu 1971 anakhala nzika ya France.

Mayeso aakulu anafika mu 1976 pa cisumbu ca Guadeloupe, colamulidwa ndi France m'nyanja ya Caribbean. Pa 8 July phiri la La Soufrière linaphulika, n'kuwaza phulusa ndi miyala. Anthu anacita mantha, ndipo panali cifukwa: mu 1902, pa cisumbu capafupi ca Martinique, phiri la Pelée linafafaniza mzinda wa Saint-Pierre ndi kupha anthu pafupifupi 28,000.

A Tazieff, amene panthawiyo ankatsogolera nthambi yoyang'anira mapiri a moto pa bungwe la Institut de Physique du Globe ku Paris, anapima n'kunena kuti ngozi yaikulu panalibe. Malinga ndi iwo, cimene cinali kuphulika cinali nthunzi cabe. Madzi a pansi akatenthedwa amasanduka nthunzi, imene imakankha miyala yakale monga momwe madzi owira amanyamulira civundikiro ca mphika. Kuphulika koteroko n'koopsa kwa munthu amene ali pamwamba pa phiri, koma sikufanana ndi pamene ciphalaphala catsopano cikukwera kucokera pansi penipeni, pakuti ndico cimabweretsa mitambo yotentha yopsereza midzi.

Atanena zimenezi anacoka kupita ku Ecuador, ndipo ulendo umenewu adani ao sanauiwale. Iwo kulibe, zivomezi zinaculuka, ndipo akatswiri ena ananena kuti aona m'phulusa zizindikiro za ciphalaphala catsopano. Pa 15 August boma linalamula anthu oposa 70,000 kusiya nyumba zao. A Tazieff atabwerera anatsutsa poyera, ndipo anakangana kwambiri ndi mkulu wa bungwe lao, a Claude Allègre. Pa 30 August onse awiri anali pamwamba pa phirilo pamene linaphulikanso, ndipo a Tazieff anali mmodzi mwa ovulazidwa ndi miyala. Ngakhale zinatero sanasinthe maganizo. Mu October anacotsedwa paudindo.

Kuphulika kwakukulu sikunabwere. Zinadziwika kuti zija zinaoneka m'phulusa zinatanthauzidwa molakwika, ndipo anthu anabwerera kwao kumapeto kwa cakaco atakhala miyezi ingapo m'masukulu ndi kwa acibale. A Tazieff ananena zoona. Komabe si cilungamo kuweruza mopepuka amene analamula kusamuka, pakuti zipangizo za nthawiyo zinali zocepa ndipo akatswiri anali kuwauza zosiyana. Mu 1985 dziko linaona mbali ina ya funsoli ku Colombia, pamene phiri la Nevado del Ruiz linasungunula madzi oundana a pansonga pake, matope n'kukwirira tauni ya Armero imene sinasamutsidwe, ndipo anthu oposa 20,000 anafa.

Mkangano wa ku Guadeloupe unakweza dzina lao m'malo molitsitsa. Mu 1981 pulezidenti François Mitterrand anawasankha kuyang'anira za kupewa ngozi zacilengedwe, ndipo kuyambira 1984 mpaka 1986 anali nduna yaing'ono yoona za ngozi zikuluzikulu m'boma la a Laurent Fabius. Apa nchito yao inakhudzanso zivomezi, kusefukira kwa madzi ndi kugumuka kwa nthaka m'mapiri. M'zaka zimenezi, mu 1982, France inakhazikitsa lamulo lolipira anthu ogweredwa ndi masoka otere, limene linafunanso kuti malo oopsa alembedwe pamapu kuti anthu asamangepo nyumba mwacisawawa.

Kulimba mutu kumene kunawathandiza mu 1976 kunawasokeretsa nthawi zina. Pa 21 August 1986 nyanja ya Nyos ku Cameroon inatulutsa mpweya wa carbon dioxide umene unapha anthu oposa 1,700 m'midzi yozungulira. A Tazieff anaumirira kuti kunali kuphulika kwa phiri pansi pa nyanjayo. Akatswiri ambiri anapeza kuti mpweyawo unaunjikana pang'onopang'ono m'madzi akuya mpaka unatuluka nthawi imodzi, ndipo maganizo amenewa ndiwo anatsatidwa pamene paipi yocotsera mpweya inaikidwa m'nyanjayo mu 2001. Atakalamba anatsutsanso zimene asayansi anapeza pa kuonongeka kwa mpweya wa ozone, ndipo pamenepanso umboni sunawavomereze.

Nyiragongo sanaliiwale. Pa 10 January 1977 makoma a phirilo anang'ambika, nyanja ya moto ija inakhuthuka yonse pasanathe ola limodzi, ndipo ciphalaphala cinathamanga liwiro lofika makilomita 60 pa ola kulowa m'midzi. A Tazieff anapitako kukafufuza ndipo analemba za kuphulikako.

Anamwalira ku Paris pa 2 February 1998 ali ndi zaka 83. Patapita zaka zinai, pa 17 January 2002, Nyiragongo linang'ambikanso. Ciphalaphala cinadutsa pakati pa mzinda wa Goma mpaka kugwera m'nyanja ya Kivu, ndipo anthu mazana a zikwi anathawa, ambiri kuolokera ku Rwanda. Pa 22 May 2021 linaphulikanso, ndipo ciphalaphala cinaima pafupi ndi bwalo la ndege la mzindawo.