Mbusa John Chilembwe: Anadzudzula Nkhondo, Nafera m'Nkhondo

Ife a kuno ku Salima, amene timadzukira kuona mabwato a asodzi ku Senga Bay, timaiwala kuti nyanja yomweyi inamvapo mizinga ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse lapansi. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angelezi yotchedwa Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani padoko la Liuli, tsidya lija la Tanzania, ndipo mwezi wotsatira mwazi wa asilikali achikuda unakhetsedwa ku Karonga. Mmodzi mwa anthu amene mbiri imeneyi inawalasa mumtima anali Mbusa John Chilembwe.

Iye anabadwira ku Chiradzulu cha m'ma 1871. Anagwira ntchito kwa mmishonale Joseph Booth, amene anapita naye ku America mu 1897, komwe anakaphunzira zaubusa ku Lynchburg. Atabwerako mu 1900 anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, natsegula sukulu, namanga tchalitchi chachikulu cha njerwa.

Mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake inali yakuti nkhondo amaiputa ndi olemera ndi olamulira, koma oifera ndi amphawi amene sadziwa n'komwe chimene chinautsa mkangano, ndipo mphotho yao ndi akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma la atsamunda linaitsekereza kalatayo. Mu 1917 Papa Benedikito wa 15 nayenso anachenjeza maiko omenyanawo kuti akungophana popanda phindu, koma anamutsekera makutu chimodzimodzi.

Chotilemera ife Akatolika ndi chimene chinatsatira. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake ananyamula mikondo ndi mfuti, napha azungu atatu, kuphatikizapo William Jervis Livingstone ku Magomero. Patapita masiku owerengeka anatentha mishoni yathu ya Nguludi, navulaza wansembe. Sitikana kuti thangata ndi chipongwe cha m'maesiteti zinafika posauzana. Komabe munthu amene anauona bwino lomwe uchabe wa nkhondo anagwira chida chomwecho, ndipo sichinamuchitire chifundo.

Anamuombera pa 3 Febuluwale 1915 akuthawira ku Mozambique. Otsatira ake ambiri ananyongedwa, ena anaponyedwa m'ndende, tchalitchi cha ku Mbombwe chinagumulidwa, ndipo mishoniyo inatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr. Daniel Malikebu. Nkhondo ya azungu ija inapitirira mpaka 1918, ikukokolola amuna m'midzi yathu kukasenza katundu ngati amtengatenga, ndipo ambiri sanabwerere kwao.