Roberts-Austen, Munthu Amene Anadikira Golide Zaka Zinayi

Akuluakulu a ku Kabwata ndi kumidzi komwe akumbukira makobiri oyera a 5, 10 ndi 20 ngwee amene Bank of Zambia, ya pa Cairo Road, inatulutsa mu 1968. Munali mkuwa wosakanizidwa ndi nikelo. Nzeru ya kasakanizidwe ka zitsulo inakula ndi nchito ya Sir William Chandler Roberts-Austen.

Iyeyu anabadwira ku London mu 1843, naphunzira pa Royal School of Mines, nagwira nchito yoyesa zitsulo ku Royal Mint, kosulira ndalama. Mu 1896 anaonetsa kuti citsulo cimaloŵerera m'cinzace ngakhale cisanasungunuke. Anagunditsa golide ku ndodo za mtovu, wonga uja unkakumbidwa ku Kabwe, nazitenthetsa masiku ambiri. Kenaka anadula mtovuwo m'tizidutswa topyapyala, nayesa golide wa m'kacidutswa kalikonse, nawerengera liwiro lace ndi masamu a Adolf Fick a mu 1855.

Ndodo zina anazisiya zosatenthetsa zaka zinayi zathunthu, kupirira kumene ambiri sangakukwanitse. Mu 1900 analengeza kuti golide analoŵa ndithu, ngakhale pang'ono kwambiri.

Anamwalira mu November 1902. Cina cinatsalira a m'mbuyo: mu 1933 Chujiro Matano wa ku Japan, poŵerengera za mkuwa ndi nikelo, anaonetsa kapezedwe ka liwiro limenelo pamene limasintha ndi kuculuka kwa citsulo pamalo aliwonse. Masamuwo lero amacitidwa ndi kompyuta.