Dotolo Robert Laws wa ku Khondowe, 1851–1934

Mwa amishoni onse amene anagwira nchito m'maiko a ku Nyanja, ngowerengeka okha amene anakhalitsa monga Dotolo Robert Laws. Anafika m'caka ca 1875 ali mnyamata wa zaka 24, nacoka m'caka ca 1927 ali nkhalamba ya imvi. Ambiri amkumbukira monga mbusa ndi mphunzitsi. Ife pano tifuna tione makamaka za using'anga wace, ndi umo anasamalira matupi a ana a sukulu, pakuti popanda cimeneci sukulu yace yaikuru sikadaima.

Anabadwa pa 28 May, 1851, ku Aberdeen m'dziko la Scotland. Atate wace anali mmisiri wopala mipando ndi makabati, ndipo banjalo silinali lacuma ai. Mnyamatayo anaphunzira nchito yomweyo, usana alikupala matabwa, madzulo alikuwerenga, kufikira analowa m'sukulu yapamwamba ya University ya Aberdeen. Anaphunzira za ubusa ndi za mankhwala zomwe. Pofuna kupeza ndalama zolipirira maphunzirowo, analembedwa nchito ndi bungwe la Glasgow City Mission, yoyendera odwala m'zipatala za nthomba ndi za matenda ena opatsana mumzinda wa Glasgow. Inali nchito yoopsa. Nthombayo inamgwira iye yemwe, nadwala kwambiri, koma anacira.

Ana a makono saidziwa nthomba, koma agogo athu anaidziwa bwino. Inali kutulutsa matuza thupi lonse, ndi m'kamwa momwe. Inapha ambiri, ndipo mwa opulumuka ena anatsala akhungu, ena a zipsera kumaso moyo wao wonse. Tsono Laws asanaponde dziko lathu anali ataona kale cimene nthenda yopatsana icita pamene anthu agona mopanikizana m'nyumba imodzi.

Anabwera ndi ulendo wa a Livingstonia Mission wotsogozedwa ndi E. D. Young. Sitima yao, dzina lace Ilala, anaimasula zidutswa-zidutswa pa mathithi a Shire, amuna mazana ambiri naisenza pamutu, ndipo pa 12 October, 1875, inalowa m'Nyanja. Anamanga mudzi wao woyamba ku Cape Maclear. Komweko, m'mwezi wa March 1876, Laws anacita munthu opareshoni atayamba wamgoneka ndi mankhwala a chloroform. Anthu anazizwa poona mnzao wagona ngati wakufa, mpeni ulikumceka, nauka pambuyo pace wosamva kanthu; mbiri yace inamveka kutali.

Koma Cape Maclear anali malo a malungo. Dotolo William Black anafa m'caka ca 1877, ndi ena anamtsata. Manda ao alipo kufikira lero. M'caka ca 1881 Mishoni inasamukira ku Bandawe pakati pa Atonga. Kumeneko masukulu anaculuka, ana nadza ambirimbiri, koma malungo anali osaleka. Tikumbukire kuti masiku amenewo ngakhale madotolo sanadziwe kuti malungo adza ndi udzudzu. Ambiri anayesa kuti adza ndi mpweya woipa wa m'madambo, ndipo za udzudzu anazitsimikiza Ronald Ross m'zaka za 1897 ndi 1898. Cimene Laws anali naco ndi kwinini, pamodzi ndi cizindikiro cimodzi cosakanika: kuti okhala kumapiri sadwala monga okhala m'mbali mwa madzi. Imfa inalowa ndi m'nyumba mwace momwe. Iye ndi mkazi wace Margaret Gray, amene anakwatirana naye ku Blantyre m'caka ca 1879, anataya makanda angapo. Amene anakula ndi mmodzi yekha, Amelia Nyasa.

Cifukwa cace, pamene anafuna kumanga sukulu yaikuru yogonera komweko, yosonkhanitsa ana ocokera m'mitundu yambiri, sanafulumire. Anayendayenda m'mapiri a kumpoto kufunafuna malo okwera, a madzi abwino, a nthaka yolima ndi mitengo yomangira. M'caka ca 1894 anasankha Khondowe, cidikha ca pamwamba pa phiri, mamita ngati 900 kucokera pa Nyanja. Kunena zoona, kukweza katundu kumeneko kunali kobvuta ndi kodya ndalama. Anacita kusema mseu wa Gorodi m'phiri, wokhotakhota ngati njoka. Koma iye anawerengera mtengo wina, ndiwo wa ana odwala amene sangathe kukhala m'kalasi.

Sukuluyo inachedwa Overtoun Institution, potengera dzina la Lord Overtoun amene anapereka cuma cambiri. Zimene Laws anaikirapo mtima zionetsa maganizo ace. Anakoka madzi a kumapiri m'mipope yacitsulo kufika nao pasukulu, kuti ana asamwe madzi a m'zithaphwi, amene adzetsa kamwazi ndi njoka za m'mimba. M'caka ca 1905 anayatsa magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi. Analimitsa minda ya Mishoni kuti ophunzira adye. Ndipo m'caka ca 1911 anatsegula cipatala ca David Gordon Memorial pafupi ndi sukulu. Mwana wodwala sanali kumtumiza kwao ulendo wa masiku ambiri pansi. Dotolo anali pomwepo. Cipatalaco cinali sukulu ndiconso, pakuti anyamata ena, m'malo mwa uphunzitsi, umisiri kapena kusindikiza mabuku, anaphunzira kutsuka zironda, kusakaniza mankhwala ndi kuthandiza dotolo pa opareshoni.

Kunena za katemera wa nthomba, madotolo a Mishoni anamdziwa, pakuti Edward Jenner anamuyesa ku England kale m'caka ca 1796. Bvuto linali la mtunda. Mankhwala a katemerayo anali a madzimadzi, ndipo poyenda miyezi pa nyanja yaikuru, pa Zambezi ndi pa Shire m'kutentha, kawirikawiri anafika atatha mphamvu. Munthu ankatemeredwa, koma pamkono osatupa, ndiko kuti katemera sanagwire. M'midzi ina anthu anali ndi njira yaoyao, yotema mphini ndi kupakamo mafinya a wodwala. Njirayi inacinjiriza ena, koma inali kufalitsanso nthenda, popeza wotemeredwayo anali ndi nthomba yeniyeni. Katemera wouma, wosaopa kutentha, anapezeka m'zaka za m'ma 1950, Laws atafa kale.

Sitinena kuti anali munthu wopanda cirema. Anali wouma mtima pa malamulo, wosafulumira kukhulupirira kuti wophunzira wace wakhwima. Charles Domingo, amene anakulira m'nyumba mwace namaliza maphunziro a ubusa, anadikira kudzozedwa zaka zambiri kufikira anatopa nacoka mu Mishoni. Abusa oyamba a Livingstonia, Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa m'caka ca 1914, patapita zaka 39 cifikire Mishoni. Kucedwa kumeneku kunapweteka mitima ya anthu okhulupirika, ndipo sitiona cifukwa cokubisira.

Ophunzira a ku Khondowe sanakhale kwao kokha. David Kaunda anapita ku Chinsali kukaphunzitsa Abemba. Ndipo pamene migodi ya mkuwa inakula m'zaka za m'ma 1920, ku Bwana Mkubwa pafupi ndi Ndola, ku Nkana kumene kuli Kitwe lero, ndi ku Luanshya, anthu ambiri a ku Nyasaland anapita komweko, ena akalaliki, ena akapitao, ena othandiza m'zipatala za migodi. Akristu oterewa ndiwo anayamba okha mpingo wa Union Church of the Copperbelt, popanda mmishoni wowatuma, namanga macalici ndi masukulu ndi ndalama zao. Mpingowo unadzalowa m'United Church of Zambia, imene inakhazikika m'caka ca 1965. Mwana wa ku Pamodzi mu Ndola amene apemphera mumpingo umenewo ali pa mzere wocokera ku Khondowe, angakhale dzina la Laws sanalimvepo.

Mai Laws anamwalira m'caka ca 1921. Laws anabwerera kwao m'caka ca 1927, atatumikira zaka 52, cikhumbo cace ca kukuza sukuluyo kuti ikhale University cisanacitike. Anamwalira ku London pa 6 August, 1934, naikidwa kwao ku Aberdeen. Nthomba imene inamgwira ali mnyamata inatha pa dziko lonse lapansi, ndipo a World Health Organization analengeza cimeneci m'caka ca 1980. Katemera wa ana a sukulu sanathe ai: kuyambira caka ca 2019 maiko a Zambia ndi Malawi atemera atsikana, ambiri a iwo pasukulu pomwe, kuwacinjiriza ku khansa ya khomo la cibaliro. University ya Livingstonia inatsegulidwa m'caka ca 2003, ndipo cipatala ca David Gordon cikali kulandira odwala pa phiri lomwelo.